Dothi la pa Mchombo wa Kingsley

M'midzi yogundana ndi minda ya tiyi, kumtunda kwa Masambanjati, nyumba yomwe ili ndi munthu ku Joni sufunsa. Umaidziwa ndi malata onyezimira, kasola padenga, ndi ana ovala majuzi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Nyumba ya Olivia inalibe ngakhale chimodzi mwa izi. Inali yofolera udzu ndi pepala lakuda, ndipo mvula ikabwera ankasuntha mphasa katatu. Chomwe chinkamuwawa kwambiri n'chakuti ku Joni komweko kunali mlongo wake wopondana naye, Kingsley. Ndipo Kingsleyyo anapitira ndalama za Olivia.

Olivia anatchola tiyi zaka zisanu, dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno. Pa fotinaiti iliyonse ankabisa kangachepe, mpaka anayamba geni ya nthochi. Ankagula mikoko kwa alimi n'kumakagulitsa ku Limbe. Bambo wa mwana wake anapita ku Mulanje kukafuna ntchito, n'kukapezako mkazi m'malo mwa ntchito, ndiye Olivia analibe wodalira koma nthochizo. Geni itayamba kuyenda, anakongola ku banki m'khonde, naphatikiza ndi mpamba wake wonse, nadzaza lole yathunthu yopita ku Lilongwe. Zonse pamodzi zinakwana K900,000. Koma mwana wake wamkazi, Mwai, anali ndi miyezi itatu yokha. Khanda sukwera nalo pamwamba pa lole. Ndiye anatuma Kingsley.

Nthochi zinagulidwa zonse. Foni ya Kingsley inazima. Patatha masabata atatu kunabwera uthenga wa mawu kuchokera pa nambala yachilendo.

"Achemwali, musadandaule, ndangobwereka. Ndafika bwino kuno. Ndikangopeza ganyu ndikutumizirani."

Chaka chinatha. Amayi a banki m'khonde anabwera atavala zitenje zofanana, natenga mbuzi zitatu, mapoto, n'kuzula ngakhale chitseko. Olivia anapita ku Boma kukafunsa za khoti. Kumeneko anamufunsa mwaulemu ngati ali ndi pepala lomwe anasayinirana, ndiponso adiresi ya wothawayo. Kodi alipo amasayinirana pepala ndi mlongo wake? Anabwerera ndi ndalama ya minibasi itapita pachabe.

Amayi awo a Olivia ndi Kingsley, mayi wonenepa woseka mokweza, sankafuna kumva nkhaniyi. "Iwe Olivia, m'bale sakhala ndi ngongole. Ukufuna mwana wanga amangidwe kudziko la eni?"

Tsiku lina galimoto ya a Stafford, amene amanyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni, inadutsa ndi ngolo yake kulowera kutsidya kwa munda wa tiyi, kumudzi kwa Ester, mkazi wa Kingsley. Olivia anabereka mwana n'kuilondola. Anapeza akutsitsa mipando, wayilesi yaikulu, ndi matilesi a dabulo akadali m'pepala.

"Alamu," anatero Olivia, "matilesi awa akununkha nthochi."

Ester anaseka, dzanja m'chiuno. "Ndiye nunkhizani bwino, alamu. Fungo ndi laulere."

"Ndalama zanga zili kuti?"

"Munapatsa ine? Ku Joni si kumwamba. Kwerani basi mukazitenge. Kapena ndikubwerekeni ya thiransipoti? Koma musayine pepala."

Anthu odzaonerera katundu anaseka. Madzulo ake Olivia atafuna kuimbira Kingsley, anapeza atamubuloka.

Za a Yesaya, sing'anga wokoka ngongole, Olivia anazimva kwa mayi wina wogulitsa naye pamsewu. Sing'angayo ankakhala kuseri kwa Thekerani, kopita wapansi. Olivia anasiya Mwai ndi mng'ono wake Teleza, mtsikana wotchola tiyi, n'kunyamuka m'mawa. Anafika dzuwa lili pamutu. Anapeza mkulu wowonda ngati mpini wa khasu atakhala pakhonde. Pamwamba pake panapachikidwa sikelo yakale ya mbedza, yonga yomwe amayezera masamba a tiyi kumunda.

Olivia anafotokoza zonse, natulutsa malaya a Kingsley.

"Malaya a pakaunjika awa," anatero a Yesaya osawagwira. "Anayamba kuvala mzungu. Mukufuna ndikukokereni mzungu?"

"Ndiye mukufuna chiyani? Dothi la pomwe anaponda mvula inakokolola kale."

"Munthu angawoloke mitsinje ingati, mchombo wake umatsala kwawo. Amayi anu anaukwirira pati?"

"Paphata pa nthochi, kuseri kwa nyumba. Tonsefe yathu ili pamenepo."

"Nonse ndani?"

"Ine, Kingsley, Teleza, ndi mwana wanga Mwai. Ngakhale wa amayi uli pompo, anabadwira pamalo omwewo."

"Ana a Kingsley?"

"Awo yawo ili kwa amawo, kwa Ester."

"Apulumuka amenewo," anatero mkuluyo. "Ndikuona mwakhumudwa."

Olivia anapinda malaya aja.

"Mverani bwino, mayi. Ine kunama ndinakusiya kuesiteti. Mukatape dothi la pamenepo, ine ndilimanga m'kathumba. Kathumbako ndi chingwe. Mlongo wanu azimva kukoka pamimba. Sadzagona, sadzadya, mpaka atatumiza. Ndalama iliyonse ikafika m'manja mwanu, kathumba kazilemera. Koma kulemera sikugwa kumwamba. Sikelo ikakwera uku, kwina yatsika. Azipepuka ndi omwe michombo yawo ili m'dothimo."

"Adzafa?"

"Ndanena kupepuka. Munthu ali ndi makilo ambiri. Amayi anu ndi onenepa?"

"Onenepa."

"Ndiye pali poyambira. Chimayamba ndi wamkulu n'kumatsika. Inu chizikudumphani, wogwira chingwe sakokedwa."

Olivia anawerenga mumtima. Amayi, kenako Teleza, kenako Mwai. Amayi okha anali ndi thupi lokwana anthu awiri. Ndipo si iwo ankati m'bale sakhala ndi ngongole? Achepeko pang'ono, mwina miyendo ingasiye kuwawa. Kwa Mwai sikudzafika.

"Inuyo mtengo wanu ndi bwanji?"

"Ine ndinali kalaliki wa sikelo zaka makumi awiri. Dengu lililonse ndinkachotsapo kilo ya madzi, kaya kwagwa mvula kaya ayi. Ndizichotsa yanga. Thumba lanu silidzamva."

"Ikatha ngongole?"

"Mukabwezere dothi pomwe munalitapa. Kuyambira tsiku limenelo musadzalandirenso kanthu kochokera kwa iye, ngakhale paketi ya shuga. Mukadzalandira, chingwe chidzaduka pamodzi ndi amene chinamugwira pomaliza."

"Adzanene kuti yakwana ndani?"

A Yesaya anamwetulira, mano awiri okha. "Inu. Ine ngongole yanu sindiidziwa."

Mawa lake Olivia anabwera ndi dothi lodzaza kapu. Mkuluyo analithira mankhwala ake, nalimanga m'kansalu kakuda, nakakoleka pa mbedza. Muvi wa sikelo sunagwedezeke n'komwe. Olivia anakamangirira kathumbako kuphaso la denga lake.

Tsiku lachisanu foni inalira. Zinali K150,000, ndipo pambuyo pake panabwera mawu a Kingsley, otsika ngati a munthu wodwala m'mimba. "Achemwali, ndatumizako pang'ono. Mundikhululukire."

Olivia anagula chitseko tsiku lomwelo, n'kuchinyamula pamutu kudutsa dala pomwe amayi a banki m'khonde amakumanira.

Ndalama zinayamba kubwera mwezi ndi mwezi, zina pafoni, zina ndi a Stafford m'maenivelopu. Ndipo amayi a Olivia anayamba kuzunguliza chitenje kawiri. Ankadya bwinobwino, kalongonda, chinangwa, chilichonse, koma masaya analowa. Kuchipatala anawayeza shuga, magazi, makhololo, osapeza kanthu. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi, Teleza ankawanyamula yekha kupita nawo padzuwa ngati mtolo wa nkhuni zouma. Kuseka kuja kunatha.

Mwezi womwewo K900,000 inakwana. Olivia anakwera pampando kuti amasule kathumba. Kanali katalemera ngati mwala wa mphero. Mfundo anaigwira ndithu. Koma sabata yomweyo n'kuti kwacha itagwa, ndipo shuga, sopo, mafuta, zonse zinakwera tsiku limodzi. Anatsika pampando, nakhala pansi ndi kamtengo, nayamba kulemba padothi.

Nayini handiredi ya chaka chija inadzaza lole. Ya lero singadzaze ngolo ya ng'ombe. Nanga mbuzi zitatu zija? Zikanaswa kawiri pofika pano. Nanga phindu la chaka chonse chomwe geni inaima? Nanga kusekedwa kuja pamaso pa anthu, mtengo wake ndi bwanji? Ataphatikiza zonse anapeza kuti Kingsley anali asanayambe n'komwe kubweza.

Kathumba kanatsala kuphaso. Amayi awo anamwalira mwezi usanathe. Anyamata onyamula bokosi atalikweza pamapewa anayang'anana.

Chuma chinabwera ngati madzi a mumpopi. Olivia anamanga nyumba ya njerwa zootcha, natsegula sitolo pa Masambanjati, nagula njinga zamoto ziwiri za kabaza. Otchola tiyi ankabwera kudzatapa katapila kwa iye, ndipo pa tsiku la malipiro ankakhala pachipata cha esiteti ndi kabuku, osaseka ndi munthu. Kathumba anakasamutsira kunyumba yatsopano, ndipo pokakweza anachita kugwiritsa makwerero ndi chingwe cha mbuzi.

Kwa Ester galimoto ya a Stafford inasiya kuima. Anagulitsa wayilesi, kenako mipando, kenako matilesi. Matilesiwo Olivia anatuma munthu kukawagula. Atakumana kuchigayo anamuimitsa.

"Alamu, matilesi aja ndikugonera ine. Fungo la nthochi linatha, pano akununkha njala."

"Mulungu akukuonani," anatero Ester.

"Anakuonaninso inu tsiku lija. Kapena anali atapita ku Joni?"

Kingsley ankatumiza mauthenga pafupipafupi, ndipo mawu ake ankamveka ngati akuchokera m'chitsime. "Achemwali, ndakubwezerani katatu konse. Ndagulitsa foni yabwino ija, bulangeti, nsapato. Ndikugwira maganyu atatu. Ndikangogwira ndalama pamchombo pamandikoka mpaka ndimasanza. Ana anga akugona ndi njala. Tandiuzani, yatsala zingati?"

Olivia anayankha mwachidule. "Pamene unkazimitsa foni unandiuza kuti yatsala masiku angati? Tumiza. Ndidzakuuza ndine."

Tsopano chinali pa Teleza. Mtsikana amene ankatchola makilo makumi asanu pa tsiku anayamba kugwa ndi dengu losadzaza. Kapitawo anamuuza kuti akapume kunyumba, ndipo dzina lake linachoka m'buku. Anthu anayamba kunong'ona za matenda aja, koma anakayezetsa kawiri osapezeka nawo. Olivia anamutenga kudzakhala naye, namugulira mkaka ndi mazira, kuti anthu aziona. Teleza ankangogona chagada pamphasa pabalaza, maso kudenga.

"Achemwali," anatero tsiku lina, "mtanda uwo ukupindikiranji?"

"Ndi mmisiri wosadziwa ntchito."

"Bulugamu wathunthu angapindike ndi kathumba konga chibakera? Muli chiyani mmenemo?"

"Ukudya kwa yani iwe? Mazira anga akupatsa mphamvu zofunsa mafunso?"

Teleza anatembenukira kukhoma. Anali atatsala mafupa ndi maso okha. Koma sanafe. Pamene panalibenso chochotsa pathupi pake, kupepuka kunaima, ndipo Olivia anaganiza kuti mwina mankhwala akhuta.

Mayi aliyense amadziwa buku la kusikelo kuposa Baibulo. Mzera uja ukamakwera umagona tulo. Wa Mwai unkakwera bwino kuyambira ali khanda. Anali mwana wa zaka ziwiri ndi theka, wamasaya, wokonda mandasi, woyankha aliyense kuti "ayi". Mwezi umenewo a zaumoyo atamukoleka pasikelo pansi pa mtengo wa mango, anayang'ana muvi kawiri.

"Watsika ndi theka la kilo. Anatsegula m'mimba?"

"Ayi."

Mwezi wotsatira anatsika ndi kilo yathunthu. Anamukulunga kalamba pamkono ndipo kanaima pofiira.

"Amake Mwai," anatero a zaumoyo, "inu ndi sitolo yonse ija mwana alandire chiponde? Mukumudyetsa malisiti?"

Amayi apamzera anaseka, ena mwa iwo omwe anali ndi katapila wake. Olivia sanamve kusekako. Ankayang'ana tsitsi la mwana wake, lomwe linayamba kufiira, ndi kakhosi komwe kankalephera kunyamula mutu. Dzulo lake lomwe anali atalandira K400,000.

Anakwera njinga yake ya kabaza molunjika kuseri kwa Thekerani. Pakhonde paja anapeza munthu amene poyamba sanamuzindikire. A Yesaya anali atanenepa, khosi la mizera itatu, mimba itagona pamiyendo. Masaya awo ankanjenjemera poseka, ndipo kusekako kunali kokweza, kofanana ndi komwe Olivia anakulira akukumva kwawo.

"Mwandipeza, mayi. Geni ikuyenda?"

"Chafika pa mwana wanga."

"Ee, pamzera anali wachitatu. Munawerenga nokha."

"Mwai sanakongole kanthu kwa munthu!"

"Amayi anu anakongola?"

"Ndikupatsani njinga yamoto. Zonse ziwiri. Chichotseni pa iye, chipite kwa ana a Ester."

"Mpaka lero mukanali ndi Ester? Michombo yawo mulibe m'dothimo, ndinakuuzani. Ndipo ine njinga sindidya." Anasisita mimba yawo. "Mankhwala ake ndinakupatsani kale, ndi aulere. Nenani kuti yakwana, kabwezereni dothi. Koma kumbukirani, chingwe chagwira kamwanako. Mukadzalandiranso kanthu ka mlongo wanu, ngakhale tambala, musadzavutike kubwera kuno."

Olivia atafika kunyumba anakwera makwerero ndi mpeni. Atadula chingwe, kathumba kanagwa n'kuswa simenti ya pabalaza. Anayesa kukanyamula, osatheka. Anachita kukagubuduzira mu wilibala, thukuta lili kamukamu, ndipo tayala linaphwa. Teleza ankangoyang'ana ali pamphasa.

"Tsopano mundiuza," anatero.

Olivia anamuuza zonse, za michombo, za mzera, ndi za lamulo lomaliza. Ankayembekeza kuti mng'ono wake alira. Teleza anangosonkhanitsa timalovu tomwe anali nato n'kulavulira pansi.

"Amayi anafa akukupemphererani. Ankati, Olivia yekha ndi amene Mulungu wamukumbukira."

Olivia anakankha wilibala mpaka kubwinja la amayi awo, nakumba paphata pa nthochi, nakhuthulira dothi lija. Ananena mokweza kuti, "Yakwana." Kenako anatumiza uthenga kwa Kingsley kuti asatumizenso kanthu, nathyola simukhadi yake, nauza a Stafford kuti enivelopu iliyonse ya dzina lake aziibweza.

Mwai anayamba kudya. Mwezi woyamba anakwera pang'ono, wachiwiri anakweranso. Anayambiranso kuthamangitsa nkhuku ndi kukana kusamba. Teleza naye anayamba kuyenda ndi ndodo. Koma ndalama zitasiya kubwera, sitolo inayamba kuoneka mashelefu. Njinga imodzi inagwa m'phompho, ina inafuna injini. Otchola tiyi atamva kuti Olivia wafewa anayamba kumuzemba pachipata. Iye ankawerenga ndalama zotsala kawirikawiri, ndipo nkhope yake inkachita mdima.

Kingsley sanachire. Anali atatha kale, ntchito zinamuthera, ndipo m'nyengo yozizira anamupeza atauma m'kachisakasa komwe ankagona. Amalawi anzake anasonkha ndalama, ndipo a Stafford anabwera naye m'ngolo ija yomwe kale inkabwera ndi matilesi. Anamuika kwawo, pafupi ndi amayi ake.

M'mawa mwake achibale anakhala pabwalo kuti asese ndi kuona katundu wa malemu. Amalume awo, a Peterson, ndiwo ankayendetsa. Ester anakhala mbali ina ndi ana ake awiri, atameta mpala. Olivia anaima kumbuyo, Mwai ali kumsana akudya mandasi. Teleza anatsamira khoma ndi ndodo yake.

A Stafford anatsegula chikwama. Munali mathalauzi awiri, kapoto, ndi pasipoti. Kenako anapisa m'thumba la jekete, natulutsa enivelopu.

"Ichi anzake anachipeza atachisokerera m'pilo. Chikuoneka kuti ankasonkhanitsa kuti atumize, uthenga wa a Olivia womuletsa uja usanamupeze. Ndi ndalama za kumeneko, marandi. Ndawerenga pamaso pa mboni. Kwathu kuno zipitirira mamiliyoni awiri. Pamwamba analemba yekha kuti, Achemwali Olivia."

A Stafford anatambasula dzanja.

Olivia anapititsa manja ake kumbuyo, nawalumikiza pansi pa matako a mwana. "Sindikuzifuna."

"Mwati bwanji?" anafunsa a Peterson.

"Ndati sindikuzifuna, amalume. Ngongole inatha."

Anthu anang'ung'udza. Sanamvepo Olivia akukana ndalama. A Peterson anakanda kumutu. "Chabwino. Ngati mwini dzina wakana, zipite kwa ana amasiye. Amake ana, bwerani mulandire."

Ester anadzuka pang'onopang'ono, nakonza chitenje. Akanangolandira mwakachetechete, nkhani ino ikanathera pomwepa. Koma nayenso anali ndi zake zomwe anasunga zaka ziwiri. Podutsa pafupi ndi Olivia anayankhula motsitsa, koma mokwanira kuti amayi apafupi amve.

"Zikomo, alamu. Afisi akhuta lero. Ndimva kuti sitolo ikugwa. Musadandaule, ndibwera kudzagula matilesi anga. Ndi malata omwe, mukafuna."

Wina anaseka kumbuyo.

Olivia anaona dzanja la Ester likupita ku enivelopu. Anaona kukhuthala kwake. Mamiliyoni awiri, injini ya njinga, katundu wodzaza mashelefu, zonse zikulowa m'manja mwa mkazi amene sanagulepo ngakhale phava limodzi la nthochi. Mumtima mwake munabwera mawu ofewa: dothi linabwerera kale, mwini chingwe ali m'manda, wakufa angapereke bwanji kanthu?

"Achemwali, ayi!" anakuwa Teleza. "Mwana!"

Koma manja aja anali atachoka kale kumbuyo. Olivia anatsomphola enivelopu m'zala za Ester.

"Dzina lalembedwapo ndi la yani? Unadzazapo lole iwe? Unazulidwapo chitseko iwe?"

Onse ankayang'ana kumsana kwake. Mandasi aja anagwa pansi n'kugubuduka mpaka pamapazi a a Peterson.

Amayi amene anaferedwapo mwana kumsana amati mwana akatsirizika amalemera, amakukokera pansi. Olivia sanamve choncho. Anamva chitenje chikukhwefuka pachifuwa, ngati wabereka nsalu yokhayokha. Anapisa dzanja kumbuyo. Anamasula mfundo. Amayi awiri anathamanga kudzalandira mwana, ndipo amene anamugwira anakuwa, chifukwa kamwanako kanali kopepuka ngati chisa cha mbalame.

Olivia sanalire. Anathamanga ndi enivelopu ija kumanda, nagwada pa mtumbira wa dzulo, nayamba kufukula ndi zala, akukankhira marandi m'dothi limodzi ndi limodzi. "Tenga, Kingsley. Ndabweza. Sindinawerenge n'komwe. Tenga, undibwezere wanga." Anachita kumugwira amuna anayi.

Mutu wake sunabwererenso. Sitolo anagawana angongole, nyumba inagulitsidwa, ndipo ndalama za m'manda zija anazifukula a Peterson n'kupatsa ana amasiye. Teleza anapita ndi anyamata a kutchalitchi kuseri kwa Thekerani, koma anapeza nyumba yopanda chitseko, ndipo oyandikana nawo anati mkuluyo anasamuka, anachita kumunyamula pa ngolo chifukwa sankathanso kuyenda.

Masiku ano Olivia amapezeka pa siteji ya Masambanjati. Amatchola masamba a tiyi m'mbali mwa msewu n'kuwasanja bwinobwino khumikhumi. Akaona mnyamata wanyamula chikwama chachikulu akukwera minibasi ya ku Limbe, amamugwira malaya n'kumupanikizira masambawo m'manja.

"Ukupita ku Joni? Ukam'patse Kingsley. Ukamuuze kuti yakwana. Wamva? Yakwana."

Anyamata ena amamukankha. Ena amalandira, n'kukataya minibasi ikakhota.

Olivia anaberedwa, zimenezo palibe angatsutse, ndipo kulonjerera ngongole si tchimo. Koma ndalama yomwe waipitira kwa sing'anga siibwera yokha, imabwera itanyamula wina wa m'nyumba mwako. Ndipo mtima wadyera suwerenga ngati mmene amawerengera anthu. Ukauuza kuti yakwana umapeza mbuzi zomwe zikanaswa, umapeza manyazi oti alipiridwe, umapeza mlamu woti aone. Ukamapereka katundu kwa m'bale, itana mboni, lembani pepala, usachite manyazi. Akakuthawa, lira, tukwana, kenako yamba geni ina ndi phava limodzi. Mpamba umabwerera. Mwana sabwerera.